Chenjezo: ntchito ya mafiriji siphunziridwa m'milungu itatu

Musanaitane munthu woti adzathire gasi m'firiji yanu chilimwe chino, ikokeni kaye pang'ono kuchoka kukhoma, muwerame muone chitsulo chakuda chobulungira chimene chakhala pansi kumbuyoko. Imeneyo ndi kompuresa, ndipo pamakhala kapepala komatidwa. Ngati pakapepalapo palembedwa R600a, pambali pake pali kachizindikiro kachikasu ka ngodya zitatu kokhala ndi lawi la moto, dziwani kuti gasi amene akuyenda m'mapaipi a firijiyo ndi wa mtundu umodzi ndi uja wa m'masilinda ophikira. Amayaka. Mafiriji atsopano ambiri a m'nyumba akubwera ndi gasi ameneyu masiku ano. Ali chitsekere m'mapaipi alibe vuto, koma munthu wosaphunzira akafika ndi moto wowotcherera, waika pachiswe moyo wake, wanu ndi wa ana amene amuzungulira kuonerera.

Ndikulankhula ndi eni mafiriji, koma makamaka ndi inu makolo amene mukusonkhanitsa fizi kuti mwana akaphunzire ntchitoyi, komanso achinyamata eni ake.

Dzuwa la Okutobala likafika pachimake, ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima ndi Karonga firiji imalira usana ndi usiku osapuma. Magetsi akathima n'kubweranso, kompuresa imadzuka yodzidzimuka kangapo patsiku. Mafiriji ofooka amafa nyengo imeneyi. Mayi wogulitsa mafulizesi, mwini butchala, mwini golosale amene zakumwa zafunda, aliyense amafuna mmisiri lero lomwe, ndipo munthu amene nyama ikumuwolera safunsa zambiri. Aliyense wobwera panjinga ndi geji ndi kasilinda amalandiridwa ndi manja awiri. Achinyamata aona kuti m'ntchitoyi muli ndalama, ndipo sakunama. Koma ena aonanso kuti mwa achinyamatawo muli ndalama. N'chifukwa chake pazikwangwani za m'matauni, pa Facebook ndi pa WhatsApp mukuoneka zolengeza za maphunziro a mafiriji ndi maeyakoni a milungu itatu kapena mwezi umodzi, satifiketi pomwepo. M'milungu itatu munthu angaphunzire kumangirira geji ndi kutsegula silinda. Zimene zimapulumutsa moyo sizikwanamo.

Chinthu choyamba chimene sukulu yeniyeni imaphunzitsa, ndipo mwini firiji aliyense achidziwe, n'chakuti gasi wa m'firiji satha ngati mmene amathera palafini m'nyali. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Kompuresa imamupanikiza n'kumukankhira m'mapaipi a kumbuyo kapena a m'mbali, komwe amataya kutentha n'kusanduka madzimadzi. Akatero amadutsa m'kapaipi kamkuwa kopyapyala zedi, n'kukafika m'kati mwa firiji momwe amawira, akuyamwa kutentha kwa nyama ndi mkaka wanu, n'kubwereranso ku kompuresa. Firiji yabwino imatha zaka 10 kapena 15 osathiridwamo ngakhale pang'ono. Gasi akachepa ndiye kuti penapake pabooka. Munthu wongofika n'kugwira paipi ndi dzanja, n'kunena kuti “gasi watha, tithiremo wina” osafunafuna pamene pakudontha, akungokudyerani ndalama. Pakatha milungu ingapo firiji idzafundanso, ndipo ngati gasiyo ndi woyaka, masiku onsewo wakhala akutulukira m'khitchini mwanu. Nthawi zambiri vuto silikhala gasi n'komwe. Mwina rile yapsa, themositati yafa, fani yaima, labala ya chitseko yatha, kapena mapaipi a kumbuyo akutidwa ndi fumbi ndi ulusi wa akangaude.

Mmisiri wophunzira mumamudziwa ndi katundu amene wanyamula ndi dongosolo la manja ake. Asanatsegule bokosi la zida amawerenga kaye kapepala kaja, ndi kena ka m'kati mwa firiji kamene kamatchula mtundu wa gasi ndi magalamu ake. Amayeza za magetsi ndi mita. Akatsimikiza kuti vuto lili m'mapaipi, amapempha kuti firiji itulutsidwe panja, apo ayi amatsegula zitseko ndi mawindo onse, n'kuuza a pakhomo kuti mbaula, kandulo ndi fodya zikhale kutali. Gasi wotsala amamuchotsa kaye yense. Wa mitundu yosayaka ya R134a kapena R22 amamukokera m'silinda yake ndi makina, samutayira m'mwamba, ndipo wa R600a amamutulutsira panja ndi paipi yaitali, pamalo podutsa mphepo. Paipi amaidula ndi kachida kodulira, saisungunula ndi lawi. Kenako amapoperamo nayitirojeni wouma, n'kupaka thovu la sopo polumikizira paliponse, n'kukhala chete kuyang'anitsitsa mpaka aone pamene tithovu tikutupa. Akawotcherera pobookapo, amasinthanso kasefa kamkuwa kogwira chinyezi. Ndiye vakiyumu pampu imalira kwa nthawi ndithu, ikukoka mpweya ndi chinyezi chonse. Pomaliza amakhazika silinda pasikelo n'kuthira magalamu enieni olembedwa pafirijiyo, osapitirira, osapereweza.

Woonerera angaganize kuti munthuyu akungotalikitsa ntchito kuti adule mtengo. Ayi. Chinyezi chikatsalira m'kati chimaundana m'kapaipi kopyapyala kaja n'kutseka njira, ndipo chikasakanikirana ndi mafuta a kompuresa chimabala asidi amene amadya mawaya a mota pang'onopang'ono, mpaka kompuresa itapsa patatha miyezi, pamene mmisiri wachidule uja simukumukumbukiranso. Sikelo nayo si yodzionetsera. Firiji ya m'nyumba ya R600a imafuna gasi wosapitirira magalamu 150, ndipo zambiri zimafuna wosafika n'komwe 100. Pamlingo wochepa chotero, magalamu ochepa owonjezera amasokoneza zonse. Wothira mongoyerekeza, akugwiragwira paipi kuti amve ngati yazizira, akuwononga katundu wanu.

Amene anaphunzira ntchitoyi kale angadabwe kuti zonsezi zabwera liti. Mafiriji akale ankayendera gasi wa R12, amene sankayaka. Asayansi atapeza kuti gasi wa mtunduwo akuwononga ozoni, mpweya wa kumwamba umene umatitchinga ku cheza choopsa cha dzuwa, mayiko anasainirana pangano ku Montreal m'chaka cha 1987, ndipo m'mayiko ngati lathu R12 anathetsedwa pofika 2010. M'malo mwake munalowa R134a. Ameneyu ozoni samuwononga, koma akathawira m'mwamba amatenthetsa dziko kuposa mpweya wa kaboni dayokisaidi nthawi zoposa 1,400. Choncho m'chaka cha 2016 mayiko anakumananso ku Kigali, ku Rwanda, n'kugwirizana zochepetsa magasi a mtundu umenewu, ndipo Malawi inavomereza m'chaka cha 2017. R22 wa m'maeyakoni akale nayenso akuthetsedwa, malire ake ndi 2030. Olowa m'malo ndi R600a m'mafiriji a m'nyumba, R290 m'mafiriji ambiri a m'masitolo, ndi R32 m'maeyakoni atsopano. Awiri oyambawo amayaka kwambiri, wachitatuyo amayaka pang'ono. Kusinthaku n'kwabwino ndipo sikubwerera m'mbuyo. Koma kukutanthauza kuti chaka ndi chaka mafiriji a gasi woyaka akuchuluka m'makomo mwathu, pamene manja ambiri owakonza akugwirabe ntchito mwa chizolowezi cha gasi wosayaka.

Amisiri achikulire ndimawalemekeza kwambiri. Alipo amene akhala pa ntchitoyi zaka 30, amene amangomvetsera kulira kwa kompuresa n'kudziwa chavuta. Koma bambo amene anazolowera kusungunula paipi ndi moto gasi akadali m'kati, chifukwa R12 sankabuka, akachita zomwezo pa R600a lawi lidzamuwombera kumaso. Ndipo mnyamata wophunzira pa iwo amatengera zonse, zabwino ndi zoopsa zomwe. Ndikuwapempha abambo athuwa kuti akamva za maphunziro obwereza a magasi atsopano asaone ngati n'kunyozedwa. Ngakhale magasi osayakawo sanali abwenzi a moto. R22 kapena R134a akakhudzana ndi lawi amatulutsa utsi woyabwa kummero umene umawononga mapapo, ndipo gasi wamadzimadzi akakufalikirani padzanja amawotcha khungu ndi kuzizira, popeza R134a amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro. Akalowa m'diso akhoza kulipha. Magalasi ndi magolovesi si za azungu, ndi zida za ntchito.

Pali zinthu zitatu zimene ndikufuna kuti mukaziona pakhomo panu muimitse ntchito nthawi yomweyo, osachita manyazi.

Choyamba ndi kuthira gasi wophikira m'firiji kapena m'eyakoni ya galimoto. Amene amachita izi amati firiji imazizira bwinobwino, ndipo mwina masiku oyamba imaziziradi. Koma gasi wophikira ndi wosakanizika, amakhala ndi chinyezi ndi zinyalala, ndipo mphamvu yake si imene kompuresayo inapangidwira. Choopsa kwambiri n'chakuti firiji yopangidwira R134a ili ndi switchi ya getsi la m'kati, themositati ndi rile zimene zimathetheka. Opanga mafiriji a R600a amaika zida zotsekeka kapena kuziika kutali ndi kumene gasi angadonthere. M'firiji yakale chitetezo chimenecho mulibe. Gasi akadonthera m'kati usiku, chitseko chili chotseka, amadzazana. Akangokwana magawo awiri okha pa 100 aliwonse a mpweya, kanthethe kamodzi n'kokwanira, ndipo amene amatsegula firiji m'mamawa nthawi zambiri ndi mwana wofuna madzi ozizira. Ngakhale R600a weniweni sayenera kuthiridwa m'firiji imene sinapangidwire iye. Dziwaninso kuti gasi wa m'mafiriji saikidwa fungo lija limatichenjeza gasi wophikira akamadontha, ndipo amalemera kuposa mpweya, kotero amatsikira pansi n'kukhazikika, mmene muli masoketi ndi mbaula.

Chachiwiri ndi okosijeni. Wowotcherera amayenda ndi silinda ya okosijeni, ndipo amene alibe nayitirojeni amakopeka kupopera okosijeniyo m'mapaipi kuti apeze pobooka. M'kompuresa muli mafuta. Okosijeni wopanikizidwa akakumana ndi mafuta amaphulika popanda woyatsa machesi, ndipo chitsulo cha kompuresa chimang'ambika n'kumwazika. Sukulu iliyonse yeniyeni imaphunzitsa zimenezi koyambirira, mobwerezabwereza. Wophunzira amene wamaliza maphunziro osazimvapo, sanaphunzitsidwe. Ngakhale nayitirojeni yemwe amafuna regyuleta pasilinda, chifukwa mphamvu yake ili pamwamba kwambiri kuposa imene mapaipi a firiji angapirire. Pa maeyakoni palinso nkhani ya R410A, amene amapanikiza kuposa R22 ndi theka kapena kupitirira. Geji ndi mapaipi a labala opangidwira R22 akhoza kuphulikira m'manja.

Chachitatu ndi gasi wa m'silinda yopanda dzina lodziwika, yogulidwa motchipa modabwitsa. Gasi wachinyengo alipo pa msika wa dziko lonse. M'chaka cha 2011 makontena oziziritsa onyamula katundu panyanja anaphulika ku Vietnam ndi ku Brazil, n'kupha anthu atatu ogwira ntchito m'madoko. Ofufuza anapeza kuti munathiridwa gasi wolembedwa kuti R134a koma wosakanizidwa ndi R40, amene amadya aluminiyamu wa m'kompuresa n'kubala mankhwala oyaka okha akangokumana ndi mpweya. Ngati zinachitikira makampani aakulu a sitima za panyanja, nanga mnyamata wogula silinda pamsika osadziwa kumene yachokera? Kuno kwathu magasiwa amalowa ndi chilolezo cha nthambi ya boma yoona za chilengedwe, ndipo mmisiri wanzeru amagula kwa ogulitsa odziwika, n'kusunga lisiti. Masilinda opyapyala aja ogwiritsa ntchito kamodzi asadzazidwenso, ndipo asasiyidwe padzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Theka la ntchitoyi ndi magetsi, ndipo apa m'pamene maphunziro achidule amalumpha kwambiri. Kapasita ya eyakoni imasunga moto ngakhale mutathimitsa switchi, ndipo imamenya wogwira mosadziwa. Waya wa efi akadulidwa, kapena mawaya akangosomekedwa m'soketi popanda pulagi, thupi lonse la firiji likhoza kukhala ndi magetsi, mayi wopanda nsapato atapondera simenti yonyowa n'kugwira chitseko. Pali chizolowezi china choipa cholumphitsa waya pa kachida koteteza kompuresa ikatentha kwambiri, kapena pa themositati, kuti firiji ingolira mwini wake alipire. Firiji yotero ilibenso chodziimitsira. Ndipo firiji ikagwira moto siyaka pang'ono, chifukwa m'makoma mwake muli thovu la pulasitiki. Moto wa pa 14 Juni 2017 umene unapha anthu 72 pa nyumba yosanja ya Grenfell Tower ku London unafalikira chifukwa cha zinthu zimene anakutira makoma kunja, koma ofufuza anapeza kuti unayambira pa vuto la magetsi m'firiji ya m'khitchini imodzi. M'nyumba zathu za m'makwalala, momwe firiji imakhala pabalaza pafupi ndi makatani ndi khomo lotulukira limodzi, mawindo ali ndi zitsulo, nkhaniyi si yakutali.

Kulinso kuwononga kumene sikumveka phokoso. Katemera ambiri amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatentha amatha mphamvu, ndipo ena, monga wa kafumbata, amawonongeka akaundana. Botolo limaonekabe bwinobwino, namwino amabaya ndi mtima wonse, mayi amabwerera kumudzi atabereka mwana akukhulupirira kuti watetezedwa. Magazi a m'chipatala, insulini ya odwala shuga, mkaka umene alimi a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu amakasonkhanitsa m'matanki oziziritsa, nsomba za ku Mangochi, ngakhale abale athu ogona m'nyumba ya chisoni podikira maliro, zonsezi zili m'manja mwa mmisiri wa mafiriji. Amene analumphitsa themositati kapena kuthira gasi mongoyerekeza sadziwa n'komwe zimene wachita. Akuluakulu a zipatala, sukulu, mahotela ndi magulu a alimi, musapereke ntchito imeneyi kwa munthu chifukwa choti ndi mphwanu kapena watchula mtengo wotsika. Funsani mapepala, ndipo mapepalawo muwatsimikize.

Tsono inu makolo. Ndikudziwa kuti fizi imachokera kutali: mwagulitsa mbuzi, matumba a soya, mwina mwakongola kubanki m'khonde. Ntchito mwamusankhirayi ndi yabwino, ndipo dziko likuifuna kwambiri. Koma musanapereke ngakhale tambala, chitani kaye izi. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndilo limalembetsa ndi kuyang'anira malo ophunzitsira ntchito zamanja m'dziko muno. Musakhutire ndi chizindikiro chake chojambulidwa pachikwangwani kapena mawu a mwini sukulu. Kafunseni ku ofesi za bungweli ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu ngati sukuluyo inalembetsedwa, ndiponso ngati inaloledwa kuphunzitsa ntchito ya mafiriji yeniyeniyo, chifukwa malo ena analoledwa kuphunzitsa zosoka kapena makompyuta n'kungowonjezerapo okha zina. Funsani kuti mayeso amalembetsa ndani ndipo satifiketi imachokera kuti. Pepala losindikiza mwini sukulu, n'kusainira yekha, silidzamulowetsa mwana pageti ya kampani iliyonse. Safunsa anadya phula.

Mukatero pitani nokha mukaone ndi maso, tsiku la ntchito, osalengeza. Musathere mu ofesi, pemphani kuti akulowetseni m'chipinda chogwirira ntchito. Muone ngati muli vakiyumu pampu, silinda ya nayitirojeni yokhala ndi regyuleta, makina okokera gasi m'silinda, sikelo yoyeza magalamu, kachida kofufuzira kudontha, mamita a magetsi, magalasi oteteza maso ndi chozimitsira moto pakhoma. Muone ngati mawindo ndi aakulu, mphepo ikudutsa. Muwerenge ophunzira, muwerengenso zida. Ana 40 ozungulira firiji imodzi yakufa akungoonerera, sakuphunzira. Mufunse mphunzitsi kumene iye anaphunzira, ndiponso mmene amagwirira firiji ya R600a mosiyana ndi ya R134a. Ngakhale inu musamvetse zonse, mudzaona ngati akuyankha momasuka kapena akuzemba. Mufunsenso kuti ophunzira amakagwira kuti ntchito yoyeserera, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ndani amakawayendera.

M'makoleji a boma, monga Lilongwe Technical College komwe ntchitoyi imaphunzitsidwa, maphunziro amatenga zaka, wophunzira akusinthanitsa kalasi ndi kukagwira ntchito kukampani, akukwera gawo ndi gawo. Sikuti amafuna kuzunza ana. Munthu ayenera kudziwa masamu, kuwerenga chojambula cha mawaya, kumvetsa mgwirizano wa kutentha ndi kupanikizika kwa gasi, kupinda ndi kuwotcherera mkuwa mpaka dzanja litazolowera, ndiponso kuwerengera kukula kwa eyakoni yoyenera chipinda.  Malo m'makoleji a boma ndi ochepa, n'zoona, ndipo si aliyense angasankhidwe. Sukulu zoyima pazokha zabwino zilipo. Maphunziro afupiafupi nawo ali ndi malo ake, koma ndi a munthu amene ntchito akuidziwa kale ndipo akufuna kuwonjezera chinthu chimodzi, osati a mwana wongochoka kumene ku Fomu 4. Ndipo musamusiye mtsikana kunyumba poganiza kuti iyi ndi ntchito ya amuna. Imafuna mutu wodekha ndi dzanja losamala kuposa mphamvu.

Achinyamata amene muli kale m'ntchito, amene munaphunzirira pakhonde la mmisiri ku Ndirande, ku Mchesi kapena ku Chibavi, sindikukunyozani. Ambiri a inu muli ndi luso lenileni ndipo mukudyetsa mabanja. Koma luso la manja lopanda chidziwitso cha magasi atsopanowa lingakupheni. TEVETA ili ndi njira yoyesera anthu amene anaphunzira ntchito kunja kwa kalasi kuti apeze satifiketi yovomerezeka. Kafunseni. Amene maso ali ku Joni adziwiretu kuti ku South Africa wogwira ntchito ya magasi a mafiriji amayenera kulembetsedwa ku bungwe la SAQCC Gas, ndipo ku Britain amafuna satifiketi ya F-gas. Kapepala ka milungu itatu kakakusiyani muli wonyamulira anzanu makwerero. Ndipo bwana akakutumani kuwotcherera gasi ali m'kati, kapena kupopera okosijeni, kanani. Kuli bwino kutaya ganyu ya tsiku limenelo.

Pakhomo napo pali zoti musachite. Madzi oundana a m'firiza musamawagobe ndi mpeni kapena sikuludiraiva. Mapaipi a gasi amadutsa m'mbale yopyapyala ya aluminiyamu imene mukugobayo, ndipo mafiriji ambiri amafera pamenepa. Zimitsani, tsegulani chitseko, asungunuke okha. Zikachitika kuti mwaboola, mukumva kuti psiii, musakhudze switchi iliyonse ya m'chipindacho, musazule pulagi, musayatse machesi. Tsegulani zitseko ndi mawindo, tulutsani ana, chotsani mbaula, ndipo magetsi mukathimitsire pa meni switchi ngati ili kunja kwa chipindacho. Amene gasi wamadzimadzi wamuwotcha athire madzi ofunda pang'ono, osati otentha, asatikite, athamangire kuchipatala. Magetsi akathima n'kubweranso, dikirani mphindi zisanu musanayatse firiji, kapena gulani kachida kochedwetsa kaja kosomeka pasoketi. Firiji yotha ntchito musaitaye kuseri kwa nyumba ili ndi chitseko, ana amalowamo pobisalirana, ndipo ogula zitsulo asaidule ndi moto.

Ngati fizi munalipira kale kumalo amene mukuwakayikira tsopano, musangokhala chete chifukwa cha manyazi. Sungani malisiti onse ndi pepala lolengeza maphunzirowo, gwirizanani ndi makolo anzanu, mukafotokoze ku TEVETA. Mwana amene wabwera ndi satifiketi ya milungu itatu musamugulire silinda ya gasi kuti ayambe bizinesi. Mupezereni kaye malo kwa mmisiri wa mapepala ovomerezeka amene ali ndi zida zonse, akhale pansi pake uku mukufunafuna sukulu yolembetsedwa, ndipo asatsegule yekha mapaipi a firiji ya munthu mpaka atayesedwa.